Vanishi yooneka ngati mkaka ija si yachinyengo, tamvani mmene amaipangira

Akalipentala ambiri kuno ku Salima akatsekula chitini cha vanishi n'kupeza zoyera mbuu mkatimo, chimene chimabwera m'mutu mwawo n'choti wa hadiweya wawabera, wathiramo madzi. Ena amabweza chitinicho tsiku lomwelo. Ndakhala ndikumva zimenezi kuyambira pa Kamuzu Road mpaka m'mashedi a msewu wopita ku Senga Bay, ndiye lero ndati ndikhale pansi ndilembe, chifukwa ine kemisitiri ndinaphunzirako ndipo ndinakulira m'fumbi la matabwa m'shedi ya amalume anga. Madzi alimodi m'chitinimo, zoona, koma sanathire ndi wa shopu ayi. Anaikamo dala ndi a kufakitale, ndipo kuti zitheke kuika polyurethane, pulasitiki imene imapanga chikopa cha vanishiyo, m'madzi panapita zaka zambiri anthu akuswa mitu.

Chimene chimandikhudza ine n'chifuwa cha anthu. Amalume akhala akupaka vanishi ya thinazi kuyambira ndili mwana, m'shedi ya malata, mwezi wa October dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, mpweya osalowa bwinobwino. Madzulo amabwera kunyumba mutu ukuwawa, maso ofiira, nsima osaifuna, amati "ndi ntchito imeneyi mphwanga, mutu umazolowera." Mutu suzolowera amalume, ndimawauza choncho mpaka lero. M'thinazi mumakhala zinthu ngati toluene, xylene ndi acetone, ndipo zonsezo ntchito yake ndi kusungunula vanishi kuti bulashi iyende, kenako zimauluka. Zikauluka zimapita kuti? Zina mumpweya, zina m'mapapo mwa wopakayo ndi kamnyamata kophunzira ntchito kali pambalipo. Komanso zimayaka msanga, ndipo tonse tikudziwa kuti m'mashedi athuwa mbaula ya tiyi imakhala pomwepo, utuchi uli mbwee. Vanishi ya madzi imachotsa gawo lalikulu la zouluka zimenezi n'kuikamo madzi. Ku Ulaya anachita kuika lamulo mu 2004 lochepetsa zouluka zoterezi mu penti ndi vanishi, n'chifukwa chake makampani analimbikira kwambiri mbali imeneyi.

Tiyambire pa polyurethane yeniyeniyo. Anaitulukira ndi Otto Bayer ndi anzake mu 1937 ku Leverkusen ku Germany. Amatenga zinthu ziwiri, china chotchedwa isocyanate, china polyol, zikakumana zimagwirana n'kupanga maunyolo ataliatali a mamolekyu. Maunyolo amenewa amakhala ndi mbali zolimba ndi mbali zofewa zosinthanasinthana, zolimbazo zimakokana zokhazokha, zofewazo zimalola kupindika, ndiye mapeto ake mumapeza chikopa cholimba koma chosasweka, chopirira kukhuzika. N'chifukwa chake pansi pa matabwa poponda anthu tsiku ndi tsiku amakonda polyurethane. Vuto lake n'loti isocyanate ndi madzi sizionana. Ikangokhudza madzi imachita nawo zake n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndipo thovu la matiresi amene mumagonerawa amalifufumitsa m'njira imeneyi. Komanso polyurethane ikapangidwa sisungunuka m'madzi. Ndiye funso n'lakuti, chinthu chodana ndi madzi chotere chimalowa bwanji m'chitini cha madzi?

Yankho linachokera ku kampani ya Bayer komweko m'zaka za m'ma 1960, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri pa ntchitoyi ndi la Dieter Dieterich. Nzeru yake inali yoti m'unyolomo alumikizemo tizigawo tokonda madzi. Masiku ano chimene ambiri amagwiritsa ntchito ndi kamolekyu kotchedwa DMPA. Kali ndi manja awiri ogwirira isocyanate, ndiye kamalowa m'unyolo ngati polyol wina aliyense, koma kalinso ndi gawo la asidi limene limatsala panja losagwira kanthu. Amaphika zonsezi pamodzi pa kutentha kwa pakati pa madigiri 70 ndi 85, mopanda dontho la madzi, mpaka papangike maunyolo aafupiafupi okhuthala ngati manyuchi. Akaziziritsa amathiramo triethylamine, amene amasandutsa asidi uja kukhala mchere wokhala ndi chaji ya magetsi. Apa ndi pamene madzi amalowa, akutakasa mwamphamvu kwambiri. Maunyolo aja amadzipinda n'kukhala timadontho ting'onoting'ono, mbali yodana ndi madzi mkati, mbali ya chaji kunja, ndipo popeza timadontho tonse tili ndi chaji yofanana timakankhana, sitigundana n'kuundana. Pomaliza amathira diamine, monga ethylenediamine, kuti maunyolo aja atalike mkati mwa timadonthomo. Zimatheka chifukwa amine amathamanga kugwira isocyanate yotsalayo madzi asanaifikire. Ena amayamba asungunula zonse mu acetone kuti zitakasike bwino, pamapeto n'kuichotsa, ndipo imachoka mosavuta chifukwa imawira pa madigiri 56 okha.

Ndiye zoyera zija si vanishi yosungunuka m'madzi, ndi timadontho ta pulasitiki toyandama. N'chimodzimodzi mkaka wa ng'ombe, mafuta sasungunuka m'madzi koma ali mmenemo ngati timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo kuwala kukamenya timadonthoto n'kumwazika ndiye timaona kuyera. Timadontho ta vanishiyi nthawi zambiri sitipitirira ma nanomita 200, pamene tsitsi limodzi la m'mutu kunenepa kwake ndi pakati pa 50,000 ndi 100,000. Gawo louma m'chitinimo limakhala cha m'ma 30 mpaka 40 pa 100 aliwonse, kwinako madzi. Ndipo mukathira ndimu mumkaka mukudziwa chimene chimachitika, umadula. Vanishi imeneyinso mukathiramo thinazi kapena palafini poti mwazolowera kutero, imadula pomwepo n'kukhala zibuluma, chitini chonse chatayika. Ambiri amene amati "vanishi ya madzi ndi yabodza" ukawafunsitsa amapezeka kuti anathiramo thinazi.

Nanga acrylate, mankhwala opangira pulasitiki ya acrylic amene amaikanso mu vanishi ya madzi, akubwerapo bwanji? Polyurethane ya m'madzi payokha ili ndi zofooka ziwiri. Ndi yodula, chifukwa isocyanate ndi yodula, makamaka mitundu yosachita chikasu padzuwa monga IPDI. Mitundu yotchipa, TDI ndi MDI, ikamenyedwa ndi dzuwa imasanduka yachikasu kenako yofiirira, ndipo inu amene munaonapo thovu la matiresi litakhala panja mukudziwa mtundu umene ndikunena. Chachiwiri, tizigawo tokonda madzi tija sitichoka vanishi ikauma, timakhalabe momwemo, ndiye chikopacho chimamwako madzi. Acrylic ndi wa banja lina, limene Otto Röhm analembapo kafukufuku wake wa digiri ya PhD mu 1901, ndipo mu 1953 kampani ya Rohm and Haas ku America inatulutsa acrylic wa m'madzi wopangira penti ya nyumba. Iyeyu ndi wotchipa, dzuwa salimva kwenikweni, madzi samwa kwambiri, koma akakhala wolimba amasweka, akakhala wofewa amamata kukatentha. Kumata kumeneku kwa ife a kunyanja si nkhani yaing'ono, mpando ukamata nsalu ya mlendo mwezi wa November kasitomala sabweranso.

Munthu angaganize kuti basi tingotenga chitini cha ichi ndi chitini cha icho tisakanize. Amachitadi zimenezo ndipo zotchipa zambiri n'zosakaniza chabe. Koma mapulasitiki awiriwa sakondana kwenikweni, pouma aliyense amakokera kwake, ndiye chikopa chimatha kuchita chifunga ndipo mphamvu yake sifika pamene mumayembekezera. Njira yabwino, imene ine imandisangalatsa kwambiri mu nkhani yonseyi, ndi kupangira acrylic uja mkati mwenimweni mwa timadontho ta polyurethane. Amatenga acrylate akadali wamadzimadzi asanakhale pulasitiki, monga methyl methacrylate ndi butyl acrylate, n'kumuthira mu polyurethane yokhuthala ija kuti ipyapyale. Apa mwapha mbalame ziwiri, chifukwa zosungunulira monga acetone kapena china chotchedwa NMP sizikufunikanso kwenikweni. Akabalalitsa m'madzi, acrylate uja poti naye sakonda madzi amathawira pakati pa kadontho, polyurethane ya chaji ija n'kumukuta kunja. Kenako amathira choyambitsa monga potassium persulfate, n'kutenthetsa cha m'ma madigiri 75 kapena 80, acrylate n'kusanduka pulasitiki ali momwemo. Kadontho kalikonse kamatuluka ndi mtima wa acrylic ndi khungu la polyurethane. Ena amapitirira apo, amamangirira kamolekyu kotchedwa HEMA kumapeto kwa unyolo wa polyurethane, kameneka kali ndi dzanja limodzi logwira isocyanate ndi lina lolowa mu unyolo wa acrylic, ndiye awiriwo amakhala omangana ndithu, sangathawanenso pouma.

Kulimba amakusankha ndi muyezo. Pulasitiki ya methyl methacrylate yokha imayamba kufewa cha pa madigiri 105, ndi imene amapangira galasi la pulasitiki lotchedwa Plexiglas, pamene ya butyl acrylate imakhala yofewa ngakhale kuzizire mpaka cha m'ma 50 pansi pa ziro. Ukachulutsa yoyambayo vanishi imalimba n'kumakana kukalika, ukachulutsa yachiwiriyo imatanuka n'kumayenda limodzi ndi thabwa likamafufuma ndi kunyala. DMPA nayenso ali ndi muyezo wake wovuta. Akachuluka timadontho timachepa msinkhu, vanishi imakhalitsa m'chitini osakhazikika pansi, imauma yoonekera bwino, koma imamwa madzi kwambiri. Akachepa imakana madzi bwino koma imachedwa pang'ono n'kuyamba kuundana pa shelefu. Ngakhale polyol amasankha, wa polyester amalimba bwino koma chinyezi chimamudya pang'onopang'ono, wa polyether amapirira chinyezi koma dzuwa limamuvuta, wa polycarbonate amapirira zonse ziwiri koma mtengo wake ndi wina. Ndiye zitini ziwiri zonse zolembedwa kuti za madzi zitha kusiyana kutalitali, ndipo kuyesa chimodzi chotchipa n'kuweruza zonse si chilungamo.

Tsopano pa thabwa. Mukapaka, madzi amayamba kuuluka, timadontho timayandikana mpaka kuthithikana, timaphwanyika mbali zake n'kulowana, maunyolo a kadontho aka n'kulukana ndi a kadontho ako. Triethylamine uja nayenso amauluka, chaji n'kutha. Kuyera kuja kumazimirira n'kutsala chikopa choonekera ngati galasi, ndipo chikafika apa simungachisungunulenso ndi madzi. Ili ndi yankho kwa amene amafunsa kuti kodi mvula ikagwa sichoka? Sichoka. Koma kuuma pamwamba ndi kukhwima ndi zinthu ziwiri. Pakatha ola limodzi kapena awiri mutha kukhudza, koma kulukana kuja kumatenga sabata kapena kuposa, ndiye musalole kasitomala anyamule tebulo madzulo omwewo akaikepo poto wa moto kapena botolo lozizira lotuluka thukuta. Mphete yoyera imene imatsala ija anthu amaimba mlandu vanishi pamene vuto linali changu.

Nyengo yathu ili ndi zake. Mwezi wa October ndi November masana madzi amathawa msanga mopitirira, vanishi imagwira isanayalane, mizere ya bulashi n'kutsalira. Pakani m'mamawa, pamthunzi, thabwa lisakhale lotentha ndi dzuwa, ndipo musabwerezebwereze bulashi pamalo amodzi monga tinazolowera ndi ya mafuta, yalani kamodzi n'kusiya. Nthawi ya dzinja, January ndi February chinyezi chili tho kunyanja kuno, zimatembenuka, madzi amakanika kuuluka, vanishi imachedwa ndipo mukapaka mokhuthala imatsala yachifunga. Mwera ukayamba cha mu June umabwera ndi fumbi ndi kamchenga, koma apa ya madzi imapambana chifukwa imatseka pamwamba msanga, pamene ya mafuta imakhala ikumata tsiku lonse kutola chilichonse chouluka mpaka tizilombo.

China chimene chimakhumudwitsa oyamba ndi ubweya. Madzi akalowa m'thabwa timinyewa tapamwamba timadzuka, mukapitapo dzanja mumamva kukhakhala ngati simunapale. Zimenezi n'zachibadwa. Mukapaka koyamba dikirani ziume, pitanipo mopepuka ndi sandipepa wa 320, pukutani fumbi, pakaninso. Kapena nyowetsani thabwalo ndi kansalu musanayambe, liume, mupale ubweyawo, kenako vanishi. Katatu mopyapyala kuposa kamodzi mokhuthala. Sitiliwulo musayerekeze, tizidutswa take timatsalira n'kuchita dzimbiri m'kati mwa vanishi, madontho akuda ponseponse. Misomali yoonekera nayonso imachita chimodzimodzi.

Pali pamene amalume amandigonjetsa ndipo ndimavomera. Mlombwa kapena mbawa ukaupaka vanishi ya mafuta mtundu umadzuka, umachita kufiirira kwa golide kuja kumene makasitomala amakufuna, amati "yawala bwino." Ya madzi simatero, imasiya thabwa pafupifupi mmene linalili, pena pa matabwa akuda imaoneka ngati yozizira. Pa paini wa ku Chikangawa zimenezi ndi zabwino chifukwa amakhalabe woyera zaka osasanduka wachikasu, ndipo eni malo ogona alendo ku Senga Bay ambiri amafuna maonekedwe amenewo, komanso chipinda chimene mwapaka m'mawa sichinunkha thinazi usiku mlendo akamagona. Koma pa mlombwa, ngati mukufuna moto uja, muyambe ndi steini kapena sila yogwirizana nayo, iume bwinobwino, kenako ya madzi pamwamba. Matabwa ena okhala ndi utoto wawo wachibadwa madzi amaukoka utotowo n'kuchita mawanga, ndiye yesani kaye pa kachidutswa kotsala. Ndipo kupaka ya madzi pamwamba pa polishi kapena pa vanishi ya mafuta yosauma, imasenda ngati khungu, palibe chogwira.

Za mabwato ndi maboti a matabwa a ku Chipoka ndi ku Senga Bay, musatengere vanishi ya mipando kumeneko. Chinthu chokhala m'madzi usana ndi usiku chimafuna penti yake ya maboti. Ngakhale zitseko ndi mipando ya pakhonde loyang'ana kunyanja, onani pa chitini ngati alemba kuti ndi ya panja, chifukwa vanishi yoonekera dzuwa limadutsa n'kukawononga thabwa pansi pake, thabwalo likafumbwa pamwamba vanishi imasowa pogwira.

Ndinenenso za chitetezo kuti ndisakunamizeni. Ya madzi sikuti ilibiretu mankhwala ouluka, amaikamo pang'ono othandiza timadontho kulowana, komanso triethylamine uja, n'chifukwa chake imanunkhako pang'ono. Mpweya uzilowabe m'shedi. M'chitini chimodzi chokhachi isocyanate anatha kale kugwira ntchito kufakitale, koma ilipo mitundu ya zitini ziwiri, china chachikulu china chaching'ono cha hadena, ndipo mu hadenamo muli isocyanate wamoyo. Ameneyu akapumidwa, makamaka popopera ndi sipuleyi, amayambitsa mphumu imene ena sachira nayo moyo wonse, ndipo thupi likangoyamba kudana naye ngakhale kachepechepe kamautsa chifuwa. Mayiko a European Union kuyambira August 2023 analamula kuti wogwira ntchito ndi mankhwala a diisocyanate, gulu la isocyanate monga TDI, MDI ndi IPDI, ayambe waphunzitsidwa. Kuno anyamata opopera magalimoto amangomanga kansalu pamphuno, ena osamanga n'komwe, ndipo kansalu sikatchinga nthunzi imeneyi. Zimandipweteka mtima ndikamadutsa pa magalaja n'kuona utsi wa penti uli kobo, mwana wa sukulu ataima pomwepo kuonerera. Madzi otsukira bulashi nawonso musakathire m'ngalande yolowera kunyanja, ndi pulasitiki imeneyo. Asiyeni m'chitini padzuwa aphwe, zoumazo mutaye ku zinyalala.

Mtengo ndiye chopinga chachikulu, sindingabise. Zipangizo zonsezi n'zochokera kunja, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023 chilichonse cha mu hadiweya chinakwera. Kalipentala wokhoma mabokosi a maliro kapena mabenchi a pamsika sangaone chifukwa chogulira chitini chodula. Koma powerengera muziikamo ndi thinazi amene simugula, wosungunulira ndi wotsukira bulashi yemwe, komanso kuti mutha kupaka kawiri kapena katatu tsiku limodzi m'malo modikira mawa. Pa bedi la mwana, kabati ya ziwiya, madesiki a sukulu ndi zonse za m'nyumba, ine ndimaona kuti ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera. Mukamagula, chitini chimene chakhalitsa pansi pa malata otentha chitsekuleni muone, ngati pansi pali zibuluma zosatakasika chisiyeni. Ndipo muzitakasa ndi kamtengo, osakhutchumula, thovu lake limavuta kutha.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi nsatsi. Mafuta a nsatsi ndi polyol wachibadwa, pafupifupi magawo 90 pa 100 a asidi wa mafuta ake ndi ricinoleic acid, amene ali kale ndi dzanja lija logwira isocyanate popanda kumusintha kufakitale. Akatswiri m'mayiko ambiri akhala akupanga polyurethane ya m'madzi kuchokera ku mafuta amenewa, ndipo poti ndi mafuta amathandizanso chikopa kukana madzi. India ndi amene amalima nsatsi kwambiri padziko lonse, makamaka ku Gujarat, amachita kugulitsa kunja. Kwathu kuno nsatsi zimangomera zokha kuseri kwa makola ndi m'mbali mwa misewu kuyambira ku Khombedza mpaka ku Lifuwu, agogo athu ankazikazinga n'kusinja kuti apeze mafuta odzola, ife tikuzidula ngati tchire. Isocyanate sitingapange kuno, imafuna mpweya wa poizoni wotchedwa phosgene ndi fakitale yaikulu yotetezedwa kwambiri, imeneyo tizigulabe kunja pamodzi ndi DMPA ndi acrylate. Koma gawo la polyol ndi lalikulu mu unyolowo, ndipo kuphika kumene ndafotokozaku pa muyezo wa labu kumafuna fulasiki, chotakasira champhamvu, chotenthetsera chofika madigiri 85 ndi malo okoka utsi. Ana athu a kemisitiri ku Zomba ndi ku MUST ku Thyolo atha kuyesa zimenezi ndi nsatsi za ku Salima, n'kupaka pa mlombwa ndi paini, n'kuziika pa chinyezi cha ku Senga Bay kuti tione muyezo wa DMPA umene ukugwirizana ndi nyengo yathu, m'malo mongolandira zimene anakonzera nyengo ya ku Germany.